Brixton Academy: nyumba ya kanema imene inasanduka bwalo la magitala

Kapu ya pulasitiki ikakupulumukani m'manja muli mu holo ya O2 Academy Brixton, musavutike n'kuwerama kuti muitole, chifukwa imagubuduzika yokha kudutsa pakati pa miyendo ya anthu kulowera kutsogolo kumene kuli oyimba. Pansi pa holoyi mpotsetsereka kuchokera kumbuyo mpaka kunsanja, ndipo kutsetserekako sikunakonzedwere anthu ovina ayi, kunakonzedwera anthu okhala pamipando amene ankabwera kudzaonera kanema zaka pafupifupi 100 zapitazo. Ndapitako kangapo chikhalireni mu London, ndipo ulendo uliwonse ndimatulukamo ndili ndi maganizo omwewo, akuti chimene munthu amalipira akagula tikiti ya malo amenewa, kupatula bandi imene akufuna kuona, ndi kutsetsereka kwa pansiko. Zina zonse zimene zili m'nyumbayi, zabwino ndi zovuta zomwe, zimachokera pa mfundo imodzi yakuti inamangidwa kuti ikhale nyumba ya kanema.

Nyumbayi ili pa nambala 211 mu msewu wa Stockwell Road, kumwera kwa mtsinje wa Thames, ndipo kuchokera pa siteshoni ya Brixton, pamene sitima yapansi panthaka ya Victoria line imathera, ndi mtunda woyenda pansi kwa mphindi zochepa chabe. Simungasochere, chifukwa pa tsiku la zoimbaimba mumangotsatira khamu la anthu ovala malaya akuda olembedwa dzina la bandi. Mukangokhota mumaona khomo lake lokhala ndi denga lozungulira ngati theka la mbale yovundikira, ndipo pansi pake pali chikwangwani chowala cholembedwa dzina la amene akuimba usiku umenewo, monga momwe kale ankalemberapo dzina la filimu.

Inatsegulidwa mu Ogasiti 1929 ndi dzina lakuti Astoria, ndipo inadya ndalama zokwana mapaundi 250,000, zimene pa nthawiyo zinali ndalama zoopsa. Amene anajambula mapulani ake ndi Edward Stone pamodzi ndi T. R. Somerford. Imeneyo inali nthawi imene mafilimu anali atangoyamba kumene kulankhula, ndipo usiku wotsegulira anaonetsa filimu ya Al Jolson, kenako panabwera oyimba ndi ochita zisudzo pansanja, chifukwa nyumba za kanema za masiku amenewo zinkaphatikiza zonse ziwiri. N'chifukwa chake nsanja yake ndi yaikulu modabwitsa, moti bandi ya anthu anayi ikaimapo imaoneka ngati ana amene asiyidwa okha m'bwalo la mpira, pokhapokha ikhale ndi magetsi ndi zida zokwanira kudzazapo. Munali mipando pafupifupi 3,000.

Eni ake sankangogulitsa filimu yokha. Ankagulitsanso ulendo wa m'maganizo kwa anthu wamba a kumwera kwa London amene ambiri mwa iwo sakanakwanitsa kukaona dziko la Italy ndi maso awo. Anakongoletsa mkatimo kuti munthu azimva ngati wakhala panja m'munda wa maluwa wa ku Italy madzulo: denga analipanga ngati thambo la usiku, m'mbali anamangamo timakonde, zipilala ndi ziboliboli, ndipo pamwamba pa nsanja anamangapo chipata chopindika potengera mlatho wa Rialto wa ku Venice. Zambiri mwa zimenezi zikadalipo mpaka lero. Anthu ambiri amalowa, kuvina, n'kutuluka osakweza maso n'komwe, ndipo ndimaona kuti amadzimana, chifukwa palibe chosangalatsa ngati kuona chiboliboli cha mkazi wa nthawi zamakedzana chitaima phee pakhonde lake, magetsi ofiira akuchiwalira, pamene pansi pake anyamata akukankhana ndi mapewa motsatira kulira kwa ng'oma. Upangiri wanga woyamba ndi wakuti mufike msanga, bandi yoyambirira isanakwere, magetsi a mu holo akadali oyaka, ndipo muthere mphindi zingapo mukuyang'ana kumwamba.

Astoria ya ku Brixton inali ndi abale ake atatu omangidwa nthawi yomweyo, ku Old Kent Road, ku Streatham ndi ku Finsbury Park, ndipo zimene zinawachitikira zimasonyeza mwayi umene nyumbayi inakhala nawo. Ya ku Old Kent Road inagwetsedwa. Ya ku Streatham ikadali nyumba ya kanema ya Odeon, koma anaigawa m'zipinda zing'onozing'ono. Ya ku Finsbury Park inatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1970 monga malo a nyimbo za rock otchedwa Rainbow Theatre, koma tsopano ndi tchalitchi cha Universal Church of the Kingdom of God (UCKG), chinthu chimene ife ochokera kwathu sitingadabwe nacho, popeza tinazolowera kuona nyumba zazikulu za m'tauni zikusanduka malo opempherera.

Wailesi yakanema italowa m'makomo a anthu, nyumba zazikulu ngati zimenezi zinayamba kukhala zopanda anthu, ndipo ya ku Brixton, imene pa nthawiyo inali m'manja mwa kampani ya Rank ndi dzina la Odeon Astoria, inasiya kuonetsa mafilimu mu Julaye 1972. Chaka chomwecho anachotsamo mipando yapansi n'kuyesa kuisandutsa malo a nyimbo otchedwa Sundown, koma sanathe ngakhale theka la chaka. Panabwera maganizo oti aigwetse kuti pamalopo amangepo malo ogulitsira magalimoto ndi mafuta, koma zimenezi sizinatheke, ndipo Rank inangoisandutsa mosungiramo katundu. Lero ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi boma pa mlingo wa Grade II*, kutanthauza kuti mwini wake sangaigwetse kapena kusintha maonekedwe ake mwachisawawa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 anthu ena anaitsegulanso ndi dzina lakuti Fair Deal, bandi ya UB40 n'kuimba potsegulira, koma nawonso anagwa m'ngongole n'kutseka mu 1982.

Apa m'pamene pamabwera nkhani imene aliyense wodziwa mbiri ya malowa amakonda kufotokoza. Mu 1983, mnyamata wina wa zaka 23 dzina lake Simon Parkes anatenga nyumbayi polipira paundi imodzi yokha, atagwirizana ndi kampani yofulula mowa imene inali ndi ulamuliro pa malowo kuti azigulitsamo mowa wa kampaniyo. Munthu akamva zimenezi amaganiza kuti mnyamatayo anatola chikwama, koma tiyenera kukumbukira mmene Brixton inalili pa nthawiyo. Mu Epulo 1981 kunachitika zipolowe zazikulu pakati pa achinyamata, ambiri a iwo akuda, ndi apolisi, ndipo dzina la dera lonselo linaipa m'maso mwa azungu a m'madera ena a London. Okonza zoimbaimba zikuluzikulu sankafuna kutumiza mabandi awo kumeneko, ndipo nyumbayo inali yodontha, yozizira, yofuna ndalama zambiri zokonzera. Paundi imodziyo inali mtengo wa chinthu chimene wina aliyense ankachithawa.

Amene anaipatsa moyo poyamba sanali a rock konse. Anali oyimba reggae ndi anthu ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za ku Caribbean amene anakhazikika ku Brixton kuyambira nthawi ya sitima ya Empire Windrush mu 1948. Ndimaona kuti mfundo imeneyi imaiwalika kawirikawiri anthu akamatchula malowa kuti ndi likulu la rock, pamene zoona zake n'zakuti anthu a m'deralo ndi amene ankadzaza holoyo pa nthawi imene ena ankaopa kutsika sitima pa siteshoni ya Brixton usiku. Parkes ankabwereketsanso nsanjayo kwa mabandi akuluakulu kuti aziyesererapo asananyamuke ulendo wokaimba m'mayiko, ndipo pang'onopang'ono oyimbawo anayamba kuikonda. Mu Disembala 1984 bandi ya The Clash inaimbamo pofuna kuthandiza anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha amene anali pa sitalaka yaitali yolimbana ndi boma la Margaret Thatcher. Patapita zaka ziwiri, pa 12 Disembala 1986, The Smiths inaimbamo pa chochitika cha gulu la Artists Against Apartheid, lolimbana ndi tsankho la ku South Africa, ndipo usiku umenewo unakhala womaliza kuti bandiyo iimbe konsati yathunthu ili pamodzi. Kwa munthu wochokera kumwera kwa Africa, amene achibale ake anadziwa bwino moyo wa ku Joni pa nthawi ya tsankho, n'kovuta kuima mu holo imeneyi osaganizako kuti anthu a kuno anasonkhanamo chifukwa cha nkhani ya kwathu. Nelson Mandela mwini wake anadzayendera dera la Brixton mu Julaye 1996.

Mayina a amene aimbamo kuyambira nthawi imeneyo ndi ochuluka moti kuwatchula onse kungakhale kutopetsa owerenga. Ndingotchula ziwiri zimene zimasonyeza khalidwe la malowa. Mu 1996 gulu la Leftfield linakweza zokuzira mawu mpaka fumbi ndi tizidutswa ta pulasitala tinayamba kuyoyoka kuchokera kudenga, denga lija analipanga ngati thambo la ku Italy. Mu Novembala 2000 Madonna, amene akanatha kudzaza bwalo la mpira, anasankha kuimba muno, ndipo konsatiyo inaulutsidwa pa intaneti kwa anthu mamiliyoni ambiri pa nthawi imene kuonera kanema pa kompyuta kunali kwachilendo. Parkes anagulitsa malowa mu 1995, dzina linasintha kuchoka pa Brixton Academy kukhala Carling Academy mu 2004, kenako O2 Academy kuyambira 2009, potengera makampani amene amalipira kuti dzina lawo likhale pakhomo. Amene amayendetsa ndi Academy Music Group. Koma anthu a mu London sasamala za mayina onsewa, amangoti akupita ku Brixton kapena ku Academy.

Ulendo wanga womaliza ndinapita ndi mkazi wanga, amene ndi wamfupi msinkhu, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akukana kundiperekeza ku zoimbaimba zoimirira chifukwa, monga amanenera, amalipira ndalama kuti akaone misana ya anthu. Amakumbukira mmene kwathu ankachitira kukwera pa kireti ya zakumwa kuti aone woimba pabwalo lafulati. Tinaima chapakati, pafupi ndi malo otchingidwa pamene pamakhala katswiri woyendetsa mawu, ndipo patsogolo pathu panaima mwamuna wamtali wovala chipewa. Ndinaona nkhope ya mkazi wanga ikugwa. Koma magetsi atazima, woimba gitala n'kutulukira, anandikoka dzanja n'kundiuza kukhutu kuti, "Bambo a ana, ndikuona mpaka nsapato zake." Mwamuna wachipewa uja anali masitepe atatu okha patsogolo pathu, koma chifukwa cha kutsetsereka kuja mutu wake unali m'munsi mokwanira. Mu holo yolowa anthu 4,921, ndi malo ochepa kwambiri pansipo amene munthu sangaone nsanja, ndipo sindikudziwa malo ena a ukulu wotere mu London amene angafanane nawo pa mfundo imeneyi. Maholo atsopano aakulu amathetsa vutoli poika makanema akuluakulu m'mbali, koma kuonera woimba pa sikirini uli naye m'chipinda chimodzi n'chimodzimodzi kuonera uli kunyumba.

Kutsetserekako kuli ndi mtengo wake umene thupi limalipira. Mukaima kwa maola atatu zala zakumapazi zitaloza kumunsi, akatumba a miyendo amayamba kudandaula, ndipo m'mawa mwake mumadzuka ngati munakwera phiri la Mulanje. Nsapato zazitali zidendene zisiyeni kunyumba. Komanso khamu likayamba kuyenda limakonda kuyenderera kutsogolo, choncho amene safuna kukankhidwa aime pafupi ndi zitsulo zotchinga zimene zili m'malo angapo pakati pa holo, zimene zimadula mphamvu ya khamu ndiponso zimapatsa munthu potsamira.

Pa nkhani ya kamvekedwe ka nyimbo, pamene mwaima m'pamene pamaweruza zonse. Holoyi inamangidwa kuti mawu a munthu mmodzi ndi limba azimveka kwa anthu okhala chete, ndipo denga lake ndi lalitali kwambiri. Pakati, pafupi ndi katswiri wa mawu uja, zonse zimamveka bwino: gitala ya besi imagunda pachifuwa ngati mtima wachiwiri, koma mawu a woimba samira. Mukabwerera kumbuyo kwenikweni, pansi pa khonde lam'mwamba, denga limatsika ndipo mawu amamveka ngati akuchokera m'chipinda china, ngakhale kuti ndi malo abwino kwa amene akufuna mpweya ndi kufupi ndi pogulira zakumwa. Khonde lam'mwambalo lili ndi mipando, ndipo ndi kumene ndingatumize munthu wachikulire, mayi woyembekezera kapena aliyense amene akufuna kuona bwino zokongoletsa za 1929, chifukwa kumeneko mumakhala moyang'anizana ndi mlatho uja. Koma kwa ine, kumvera rock utakhala pampando kuli ngati kudya nsima ndi foloko: umakhuta ndithu, koma china chake chimasowa. Tizinthu totseka m'makutu tengani, ndipo musachite nato manyazi, chifukwa ogwira ntchito m'malo otere amavala tsiku lililonse.

Sindingalembe za malowa osanena za usiku wa pa 15 Disembala 2022. Woimba wa ku Nigeria, Asake, anali ndi konsati yake yachitatu pamalowa, matikiti atatha, ndipo panja panasonkhana chinamtindi cha anthu. Zitseko zakutsogolo zitagonja, anthu anapanikizana ndi kupondana pamalo olandirira alendo. Anthu awiri anamwalira m'masiku otsatira, mayi wa ana awiri amene anabwera kudzamvera nyimbo ndi wachitetezo wa zaka 23 amene anali pantchito, ndipo wina anavulala kwambiri. Nkhaniyi inatikhudza ife a ku Africa okhala kuno mwapadera, chifukwa ambiri mwa amene anali pakhomopo anali ana athu, ndipo panalibe amene sankadziwa munthu amene anali ndi tikiti ya usiku umodzi mwa mausiku atatuwo. Khonsolo ya Lambeth, imene imayang'anira dera la Brixton, inaimitsa chiphaso cha malowa, apolisi a Metropolitan anapempha kuti chilandidwe, ndipo anthu oposa 100,000 anasaina chikalata chopempha kuti malowa asatsekedwe mpaka kalekale. Mu Seputembala 2023 khonsoloyo inalola kuti atsegulidwenso pokhapokha akwaniritse mfundo 77, kuphatikizapo zitseko zolimba ndi njira zatsopano zoyendetsera khamu ndi zoonera matikiti. Anatsegulanso pa 19 Epulo 2024, atakhala otseka kwa miyezi 16, ndipo anayamba ndi mabandi oimba nyimbo za Nirvana ndi The Smiths.

Ine ndinali mmodzi mwa amene ankafuna kuti atsegulidwenso, koma sindinagwirizane ndi ena amene ankalankhula ngati kuti chinthu chachikulu chimene chinali pangozi ndi mbiri ya nyumba. Mabanja awiri anaika maliro. Ndipo pali mfundo ina imene munthu amaiona yekha akaima pamalo olandirira alendo aja n'kuyang'ana bwino: anamangidwa kuti anthu ovala majekete azilowa awiriawiri, kugula tikiti pawindo, n'kuperekezedwa kumipando yawo ndi tochi. Nyumba imene inakonzedwera anthu osakwana 3,000 odekha tsopano imalandira pafupifupi 5,000 amene onse akufuna kukhala kutsogolo, ndipo makoma ake sangafutukulidwe chifukwa ndi otetezedwa ndi lamulo. Choncho chitetezo chonse chimadalira mmene anthu akuyendetsedwera panja asanafike pakhomo.

Pa ulendo wathu uja ndinaona kuti zimenezi akuzitenga mozama. Mzere unadutsa m'mbali mwa nyumbayo pakati pa zitsulo zotchinga, ndipo tikiti, imene inali pa foni, anaiona tisanayandikire n'komwe chitseko. Achitetezo anali ambiri ndipo ankalowetsa anthu m'magulumagulu, kuimitsa ena mpaka oyambawo atadutsa posechedwa. Zimenezi zimatenga nthawi, ndipo m'nyengo yozizira munthu amayenera kuvala zofunda chifukwa mzere wonse uli panja, koma sindinamve aliyense akung'ung'udza, ndipo ndikhulupirira kuti onse amene anali pamzerepo ankadziwa chifukwa chake. Onetsetsani kuti foni ili ndi moto wokwanira, musatenge chikwama chachikulu, ndipo tikiti muigule kumalo ovomerezeka okha. Amene amagwiritsa ntchito foni za kampani ya O2 amakhala ndi mwayi wogula matikiti ena msanga.

Zakumwa zilipo pamalo angapo mkatimo, pamitengo ya m'malo a zisangalalo a mu London, imene munthu wongofika kumene kuchokera kumudzi sayenera kuisintha m'makwacha ngati akufuna kusangalala. Za chakudya, idyani musanalowe, ndipo apa Brixton imakukomerani mtima. Mu msika wa Brixton Village ndi m'misewu yozungulira Electric Avenue muli nkhuku yootcha ya chi Jamaica, nthochi zokazinga ndi zakudya za ku West Africa, ndipo ofika masana angathe kugula therere, chinangwa ndi nsomba zouma, ngakhale sindikulangizani kuti mulowe nazo mu konsati. Moyang'anizana ndi siteshoni pali chithunzi chapakhoma cha David Bowie, amene anabadwira m'dera lomweli mu 1947, ndipo ndi malo abwino odikirirana ndi anzanu chifukwa aliyense amawadziwa.

Zoimbaimba zambiri zimatha cha m'ma 11 koloko usiku, nthawi yabwino yopezera sitima, ndipo Lachisanu ndi Loweruka Victoria line imayenda usiku wonse. Popeza Brixton ndi poyambira njanjiyo, mukadikira sitima yachiwiri mumapeza pokhala. Ife sitinathamangire kutuluka. Tinaima pambali mpaka khamu litachepa, magetsi onse atayaka, ndipo holo ija inaonekanso ngati nyumba ya kanema imene wina wangoichotsa mipando. Anyamata ovala zakuda anali atayamba kale kukulunga mawaya pansanja pansi pa mlatho wa Rialto, ndipo kutsogolo kwenikweni, m'munsi mwa chitsulo chotchinga nsanja, makapu onse amene anapulumuka m'manja mwa anthu usiku umenewo anali ataunjikana pamzere umodzi kudikira watsache. Mkazi wanga analoza pamene tinaima paja, kumanzere pang'ono kwa katswiri wa mawu, n'kunena kuti ulendo wina tidzafike msanga kuti wina asadzatilande malowo.